Miyezi Itatu Kunja kwa Dziko: Kodi Ingathandize Bwanji Ntchito Yathu Kuno ku Tete?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino, landirani moni kuchokera kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo kwa masabata angapo, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiitule pano chifukwa ena mwa inu munayendapo kale njira imeneyi. Ndakhala ndikuphunzitsa za matenda a mbewu kwa zaka 11, doutoramento yanga (digiri ya PhD) ndinaimaliza ku Brazil zaka 7 zapitazo, ndipo chibwerere sindinagwirenso ntchito mu labotale imene ili ndi zipangizo zokwanira. Kafukufuku wanga ndi wa chiwawu cha mbatata ya kachewere, matenda amene alimi a ku Tsangano ndi ku Domwe amawadziwa bwino, chifukwa mvula ikakhazikika ndipo nkhungu ikamagona m'mapiri, munda umene unali wobiriwira Lolemba umapezeka utada bii pofika Loweruka. Alimi ambiri akundiuza kuti mankhwala amene kale ankawapulumutsa masiku ano sakugwira monga kale, ndipo ine ndikufuna kudziwa ngati vuto lili pa kapoperedwe kapena ngati tizilombo toyambitsa matendawo tasintha n'kuyamba kupirira mankhwala a metalaxyl. Funso limeneli sindingathe kuliyankha ndi zipangizo zimene tili nazo kuno.

Kuchoka kwa zaka zitatu kapena zinayi monga mmene ndinachitira kale sindingathenso, pakuti ndili ndi ana atatu, mayi anga ndi okalamba, ndipo ndikuyang'anira ophunzira amene akulemba ntchito zawo zomalizira. Chimene ndikuganizira ndi bolsa (thandizo la ndalama zokachitira maphunziro kapena kafukufuku) ya nthawi yochepa, ya miyezi iwiri kapena itatu, imene imaperekedwa kwa aphunzitsi amene ali pakati pa ulendo wawo wa ntchito. Ndikupempha amene munapitako kuti mundiuze zoona zokhazokha: kodi nthawi yochepa chonchi imapindula kanthu, nanga munthu amayambira pati?

Mphunzitsi wopuma wa ku Matundo

Mayi a ku Ulongwe, mwachita bwino kufunsa, ndipo ndikuyankheni monga munthu amene anapitako kawiri ndiponso anasainirapo ena makalata ambiri asanapume pa ntchito. Makolo athu ankati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho ine sindingakuletseni, koma ndikufuna muyambe mwadziwa kuti mabolsa amenewa si amtundu umodzi, ndipo ambiri amalephera chifukwa chogogoda pa khomo losakhala lawo.

Ku Germany kuli DAAD, bungwe lothandiza ophunzira ndi ofufuza a maiko ena, limene linkapereka mwayi kwa aphunzitsi a m'mayunivesite kuti akachite kafukufuku kwa mwezi umodzi mpaka itatu. Kulinso Alexander von Humboldt Foundation, imene ili ndi bolsa yotchedwa Georg Forster yokonzedwera anthu ochokera m'maiko amene akutukuka kumene. Kwa munthu wokhwima pa kafukufuku amene sanapitirire zaka 12 chilandirire doutoramento, nthawi yake ndi miyezi 6 mpaka 18, ndipo ubwino wake ndi wakuti mungathe kuigawa n'kupita maulendo atatu m'kati mwa zaka zitatu, m'malo mochoka pakhomo kamodzi n'kamodzi. TWAS, bungwe la akatswiri a sayansi limene likulu lake lili ku Trieste ku Italy, limagwirizana ndi DFG, bungwe lopereka ndalama za kafukufuku ku Germany, potumiza ofufuza a kuno kumwera kwa Sahara kwa miyezi itatu, koma imeneyi imayang'ana amene analandira doutoramento posachedwapa, motero inu mwina mwaipitirira. Ku yunivesite ya Oxford ku Britain kuli AfOx (Africa Oxford Initiative), imene imaitana ofufuza a mu Africa kwa masabata asanu ndi atatu, ndipo ku America kuli bolsa ya Fulbright, imene mapepala ake amadzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Maputo. Malamulo a zonsezi amasintha chaka ndi chaka, choncho werengani chilengezo cha chaka chimene mukupemphacho, osati zimene mnzanu anakumana nazo kale.

Koma mfundo imene ndikufuna ikhazikike mumtima mwanu ndi iyi: pafupifupi mabolsa onsewa amafuna kalata yochokera kwa munthu amene adzakulandireni kumeneko, ndipo kalata imeneyi ndiyo imatenga nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Musayambe ndi kudzaza fomu. Yambani ndi kufunafuna munthu amene akugwira ntchito pa chiwawu chomwecho, werengani zimene analemba, kenako mulembereni kalata yaifupi yomuuza funso lanu limodzi, chimene muli nacho kale m'manja, ndi chimene mukusowa. Ulendo wanga woyamba ndinalembera mapulofesa asanu ndi mmodzi ndipo anandiyankha mmodzi yekha, patapita milungu isanu. Chimene chinamukopa si mbiri ya maphunziro anga ayi, koma kuti ndinali ndi kaundula wa mvula ndi zokolola wa zaka zingapo wolembedwa pamanja m'makope, zinthu zimene iye sakanazipeza kwina kulikonse. Inunso muli ndi minda ya ku Tsangano imene iwo sangaifike, choncho musadzione ngati wopemphetsa.

Mphunzitsi wa za migodi ku Moatize

Bambo a ku Matundo, ndimakulemekezani kwambiri ndipo zonse mwanenazi ndi zoona, koma ndiloleni ndionetse mbali ina kuti mlongo wathuyu asapite ndi chithunzi cha theka. Ine ndinapita ku Ulaya kwa miyezi itatu kukayeza madzi ndi fumbi zimene ndinatenga m'midzi yoyandikana ndi migodi ya malasha. Mwezi woyamba unathera pa kupeza kogona, kulandira chiphaso cholowera mu labotale ndi kuphunzira malamulo a chitetezo. Mwezi wachiwiri ndinaphunzira kugwiritsa ntchito makina oyezera zitsulo zosungunuka m'madzi, ndipo pamene manja anga ankayamba kuzolowera, nthawi yolongedza katundu inali itakwana. Nditabwerera kuno ndinapeza kuti makina amenewo palibe, mankhwala oyezera palibe, ndipo luso limene ndinaliphunzira movutikira linayamba kuchoka m'manja pang'onopang'ono chifukwa chosaligwiritsa ntchito.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi pepala limene linatuluka pambuyo pake. Madziwo ndinatunga ndine, ndikuyenda pa njinga yamoto m'dzuwa la mwezi wa October limene nonse a kuno mumalidziwa, mafumu ndinakambirana nawo ndine, koma dzina langa linakakhala pakati pa mayina asanu ndi awiri, chifukwa sitinapangane chilichonse pa nkhani imeneyi ndisananyamuke. Komanso anzanga awiri amene anasenza makalasi anga ndili kunja sanapindule kanthu, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ndili nawo ngongole. Sindikunena kuti musapite, mlongo wanga, koma dzifunseni kuti mukatsika ndege pa Chingodzi mudzakhala mutanyamula chiyani chimene chingagwire ntchito ku Ulongwe mawa lake.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe

Achimwene a ku Moatize, zikomo chifukwa chosandibisira. Mantha anga enieni ndi amenewo, kuti ndikaphunzire chinthu chimene ndidzangochikumbukira ngati loto. Koma ndikuona kusiyana pang'ono: ine sindikufuna kwenikweni kukaphunzira makina, ndikufuna yankho la funso limodzi limene alimi akulidikira. Ngati yankholo nditabwera nalo, lingagwire ntchito ngakhale makinawo atatsala komweko.

Mphunzitsi wa zaumoyo wa ku Chingodzi

Achemwali, ine ndilankhulepo za mapepala ndi ndalama, chifukwa ndi pamene ndinapunthwa. Bolsa yanga ndinaipeza bwinobwino, kalata yondiitana inafika, koma requerimento, kalata yopita kwa akuluakulu yopempha chilolezo chochoka pa ntchito, ndinaipereka mochedwa poganiza kuti ndi nkhani ya sabata imodzi. Inayenda kuchokera pa tebulo lina kupita pa lina, wina ali pa tchuthi, wina ali pa ulendo, ndipo despacho, limene ndi yankho la akuluakulu, inatuluka tsiku loyambira litadutsa kale. Ondiitanawo anandikomera mtima n'kusuntha masiku, koma si onse amene amatero. Inu amene muli ogwira ntchito m'boma, kambiranani ndi akulu anu musanatumize n'komwe pempho la bolsa, muwaonetse amene adzaphunzitse makalasi anu, ndipo chilichonse chimene mwagwirizana chokhudza malipiro anu a pamwezi chilembedwe papepala, osati kungomvana pakamwa.

Chachiwiri ndi visa. Ife a kuno timaiwala kuti maofesi a akazembe ali ku Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,500, ndipo ulendo umenewo, kaya ndi wa basi wa masiku awiri kaya ndi wa ndege, kawirikawiri umatuluka m'thumba mwanu. Ine ndinapitako kawiri chifukwa ulendo woyamba pepala limodzi linali losakwanira. Ngati mukupita ku maiko a Schengen, maiko a ku Ulaya amene amalowedwa ndi visa imodzi, dziwani kuti visa ya nthawi yochepa imalola masiku 90 okha m'kati mwa masiku 180, ndipo miyezi itatu yathunthu nthawi zina imapitirira masiku 90 ndi tsiku limodzi kapena awiri, choncho werengani masikuwo pa kalendala mmodzimmodzi musanagule tikiti. Amafunanso inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Yang'ananinso pasipoti yanu lero lomwe, kuti ngati yatsala pang'ono kutha mupite ku SENAMI, ofesi yoona za mapasipoti, nthawi idakalipo. Mabolsa ena amakuuzani kuti mugule nokha tikiti ndipo adzakubwezerani mukafika, zimene kwa munthu wolandira mametikali si nkhani yaing'ono, motero funsani zimenezi poyambirira popanda manyazi.

Za ana ndikuuzeni monga mayi mnzanu. Wanga wamng'ono anali ndi zaka zinayi pamene ndinachoka, ndipo madzulo alionse ankakhala pa mkeka ndi azakhali ake kudikira kuti foni ilire. Sabata yachitatu anadwala malungo ine ndili kutali, ndipo usiku umenewo ndinatsala pang'ono kulongedza. Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinali nditakonzeratu: ndinasiya ndalama ya chipatala padera, ndinakhala pansi ndi amuna anga ndi apongozi anga miyezi iwiri ndisanapite, ndipo aliyense ankadziwa udindo wake. Miyezi itatu imatha, koma imatha bwino ngati pakhomo mwasiyapo dongosolo.

Wophunzitsa wachinyamata wa ku Songo

Makolo anga ndi akulu anga, ndakhala ndikuwerenga mwachidwi ndipo ndili ndi mafunso awiri. Ambiri a ife tinaphunzira m'Chipwitikizi kuyambira kalasi yoyamba, ndipo Chingelezi timachiwerenga koma kuchilankhula kumativuta. Kodi zimenezi sizititsekera makomo onse amene Bambo a ku Matundo atchula? Chachiwiri, ine ndili ndi mestrado (digiri ya masters) yokha, ndipo ndikuona kuti zonse zatchulidwazi zikufuna doutoramento. Kodi ife tingodikira, kapena palinso njira yathu?

Mphunzitsi wopuma wa ku Matundo

Mwana wanga wa ku Songo, funso lako la chinenero ndi lolemera, ndipo lakhala likutibweza m'mbuyo ife a Mozambique kwa nthawi yaitali. Dziko lathu linalowa mu Commonwealth mu 1995, zimene zinatitsegulira mabolsa a ku Britain amene anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia anali akuwagwiritsa ntchito kale, koma khomo likatseguka chinenero chimatsalabe pakhomopo. Komabe ndakhala ndikuona kuti pa maulendo afupiafupi a kafukufuku, chimene wokulandira amafuna ndi chakuti muzimvana pa ntchito, osati kuti uzilankhula ngati wobadwira ku London. Ife a m'malire tilinso ndi mwayi umene anzathu a ku Gaza kapena ku Inhambane alibe: kuchokera ku Ulongwe kudzera pa chipata cha malire cha Calomue munthu amafika ku Dedza m'mawa womwewo, ndipo aphunzitsi a ku Bunda kapena ofufuza a ku Chitedze amalankhula chinenero chathu chomwechi pamene akulemba m'Chingelezi. Mnzako wotere angathe kukuwerengera pempho lako n'kukukonzera, iwenso n'kumuthandiza pa zolembedwa za m'Chipwitikizi.

Usaiwalenso makomo a chinenero chimene uli nacho kale. Ku Lisbon kuli Fundação Calouste Gulbenkian, imene yakhala ikuthandiza ophunzira ndi ofufuza a maiko a mu Africa olankhula Chipwitikizi, ndipo ku Brazil kuli bolsa ya boma yotchedwa PEC-PG ya mestrado ndi doutoramento. Kwa iwe amene sunafike pa doutoramento, ntchito yoyamba ndi imeneyo, ndipo ngati ungalembetse doutoramento pa yunivesite ya kuno kwathu, bungwe la Commonwealth Scholarship Commission lili ndi bolsa imene imalola munthu kukakhala miyezi 12 pa yunivesite ya ku Britain, kenako n'kubwerera kudzamalizira kwawo. Imeneyo ine ndimaikonda chifukwa mizu ya kafukufukuyo imatsala m'nthaka ya kuno.

Mlangizi wa zaulimi wa ku Tsangano

Ine si mphunzitsi wa pa yunivesite, ndinalowetsedwa pa gulu lino chifukwa ndimaperekeza ophunzira anu m'minda, choncho mundikhululukire ngati ndalowerera nkhani ya akuluakulu. Mayi a ku Ulongwe, ndikupempheni zinthu ziwiri m'malo mwa alimi amene ndimagwira nawo ntchito. Choyamba, musachoke nthawi ya dzinja. Chiwawu chimaoneka mvula ikamagwa mowirikiza, makamaka kuyambira January mpaka March, ndipo ngati inu mudzakhale kunja miyezi imeneyo, ndiye kuti chaka chonse chapita popanda woona masambawo. Tolerani zonse zimene mukufuna nthawi ya mvula, ndipo mupite nthawi yachisanu alimi atakumba kale.

Chachiwiri n'chimene chimandivuta kuyankha ndikafika m'midzi. Chaka chatha bambo wina wachikulire, amene amalima kachewere m'mphepete mwa phiri, ananditengera m'munda mwake, anathyola tsamba lothimbirira n'kulitembenuza kuti ndione kanthu koyera kamene kamamera kunsi kwake m'mawa mame asanaume, ndipo anandifunsa kuti, "Aja anabwera pa galimoto n'kutenga masamba ngati awa, anapeza chiyani?" Ndinasowa chomuyankha, chifukwa alendowo sanabwerenso ndipo sanatumize mawu. Munthu ameneyu amagulitsa mbuzi kuti agule mankhwala opopera, ndipo ngati mankhwalawo sakugwiranso, iye ndiye woyamba kuyenera kudziwa. Mukapita kunja n'kupeza yankho, chonde lisathere m'pepala la Chingelezi lokha. Mubwere mudzakhale nafe pansi pa mtengo, mutiuze m'chinenero chathu kuti tipopere chiyani, liti, ndiponso mbewu iti imene ikupirira.

Mphunzitsi wa za migodi ku Moatize

Alangizi a ku Tsangano, mawu anuwo andilasa mumtima, chifukwa inenso sindinabwerere m'midzi ina imene ndinatungako madzi, ndipo ndiyenera kukonza zimenezo chaka chino. Mlongo wanga wa ku Ulongwe, yankho munandipatsa lija landikhutiritsa: amene akupita ndi funso limodzi lomveka ali pabwino kuposa mmene ndinaliri ine, amene ndinapita ndi chilakolako chophunzira chilichonse. Ndingowonjezera kuti musananyamuke mulemberane ndi wokulandiraniyo za zinthu zitatu: kuti dzina loyamba pa pepala lidzakhala la yani, kuti zotsatira zonse mudzabwera nazo kuno, ndiponso kuti ubalewo udzapitirira bwanji, kaya iye adzabwere kudzaona minda, kaya adzathandize kuyang'anira mmodzi wa ophunzira anu. Kumbukiraninso kuti zinthu zochokera ku zomera sizidutsa malire mwachisawawa. Pamafunika zilolezo za kuno ndi za dziko limene mukupitalo, komanso mgwirizano wolembedwa pakati pa masukulu awiriwo, ndipo zimenezi zimatenga miyezi.

Mphunzitsi wa zaumoyo wa ku Chingodzi

Ndikugwirizana ndi achimwene pa nkhani ya zilolezo, ndipo ndikumbutseko kuti kalendala yathu ya maphunziro imasiyana ndi ya ku Ulaya. Ife timayamba chaka kumayambiriro, cha mu February kapena March, pamene iwo amayamba cha mu September kapena October, ndipo mu July ndi August ambiri a iwo amakhala pa tchuthi cha chilimwe chawo. Mukasankha nthawi yachisanu monga alangizi anenera, funsitsani ngati munthu wokuthandizani mu labotale adzakhalepo, kuti musakapeze zitseko zotseka.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe

Ndawerenga mayankho onse kawiri, ndipo ndikuthokoza aliyense payekhapayekha. Ndikuuzeni pamene ndafika. Chaka chino sinditumiza pempho lililonse. Mvula ikubwerayi ndidzaithera m'minda ya ku Tsangano ndi ku Domwe pamodzi ndi ophunzira anga awiri, tikutolera masamba odwala ndi kulemba dzina la mbewu, malo, ndi mankhwala amene mlimi aliyense wapopera. Pali timakhadi totchedwa FTA timene munthu amafinyirapo tsamba lodwala n'kusiya kuti liume. Kachilomboko kamafa koma DNA yake imasungika popanda firiji, ndipo imeneyi ndi njira imene ofufuza a chiwawu amagwiritsa ntchito potumizirana zoyeza, monga amachitira a ku James Hutton Institute ku Scotland. Zimenezi zidzandithandiza kudziwa mitundu ya kachilomboko imene ili kuno, ndipo kuyeza kupirira kwake ku mankhwala ndidzakambirana ndi wondilandirayo kuti tione mbali imene ingachitike ku Ulongwe konkuno. Ndilemberanso anzathu a ku CIP (International Potato Center), amene amagwira ntchito ya mbatata kuno ku Mozambique ndi ku Malawi, kuti ndimve ngati pali amene anayamba kale ntchito yotere pafupi nafe.

Sabata ino ndalemba makalata awiri opita kwa ofufuza amene ndakhala ndikuwerenga ntchito zawo. Bambo a ku Matundo, ngati simutopa nane, ndikufuna ndikutumizireni makalatawo kuti muwaone ndisanawatumize, chifukwa ndikuopa kuti ndawatalikitsa. Achemwali a ku Chingodzi, Lachinayi ndikakumana ndi akulu anga a ku ntchito, ndipo ndikupemphani munditumizire kumbali chitsanzo cha requerimento yanu ija kuti ndione kalembedwe kake. Alangizi a ku Tsangano, munda wa bambo aja ndikufuna ukhale woyamba kuufika. Mundiuze tsiku limene mumapita kumeneko, ndipo ngati msewu udzakhale utaterera ndidzasiya galimoto pa msika n'kukwera nanu njinga yamoto.

Mlangizi wa zaulimi wa ku Tsangano

Mayi, ndimapitako Lachiwiri lililonse. Tidzanyamuke m'mamawa kwambiri kuti tikafike mame asanaume, chifukwa dzuwa likakwera koyera kaja kunsi kwa tsamba sikaonekanso bwino. Mudzatenge nsapato za jombo ndi chovala chofunda, ndipo ine mawa ndikawauza bambowo kuti mukubwera.